Mwana wodwala pakamwa pa womulera pokha: mmene mungazindikirire matenda opeka kapena oyambitsidwa dala

Kuno ku Salima, mayi amene wabwera kuchipatala kachitatu m'mwezi umodzi mwana ali kumsana sitimudabwa. Malungo satha chaka chonse, likodzo lili m'madzi momwe ana amasambira ku Senga Bay ndi ku Chipoka, ndipo mvula ikagwa kutsegula m'mimba kumalowa khomo ndi khomo. Mayi wobwerezabwereza chonchi nthawi zambiri amanena zoona, ndipo khama lakelo ndi limene limapulumutsa mwana. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa zimene ndikulemba pano zikagwera m'manja mwa munthu wopupuluma zikhoza kupweteketsa mayi wosalakwa.

Komabe alipo olera ana, ochepa kwambiri, amene amanena kuti mwana akudwala pamene ali bwinobwino. Ena amakokomeza kachizindikiro kakang'ono mpaka mwana agonekedwe. Ena amafika pomudwalitsa dala. Mwana wotere amabayidwa majakisoni osafunika, amatengedwa magazi kosalekeza, amamwa mankhwala a nthenda imene alibe, amajomba kusukulu, ndipo ena amafa kumene. Chowawa n'chakuti dzanja logwira jakisoni limakhala la ife achipatala, uku tikuganiza kuti tikuthandiza.

Khalidweli lili ndi mbiri yake m'mabuku a zachipatala. Mu 1951 dokotala wa ku London, Richard Asher, analemba za akuluakulu amene ankayendayenda m'zipatala akudzipekera matenda, n'kuwatcha dzina la Baron Munchausen, Mjeremani wakale amene anatchuka ndi nkhani zokokomeza. Mu 1977 Roy Meadow, dokotala wa ana ku Leeds, anafotokoza za ana awiri amene matenda awo ankachokera kwa amayi awo. Wina anali mtsikana amene mkodzo wake unkapezeka ndi magazi kawirikawiri, ndipo zinadzadziwika kuti mayi ndiye ankasokoneza mkodzo wopita kukayezedwa. Wina anali kamnyamata kamene kankapezeka ndi mchere wochuluka modabwitsa m'magazi, kakakhala m'manja mwa anamwino n'kuchira, kakabwerera kwa mayi n'kuyambiranso, mpaka kanamwalira. Meadow anatcha zimenezi Munchausen syndrome by proxy, kutanthauza khalidwe lija la Munchausen koma lodzera mwa munthu wina. Masiku ano ku Britain amakonda kunena kuti fabricated or induced illness, ndiye kuti matenda opeka kapena oyambitsidwa dala. Dzina lachiwirili ndimalikonda chifukwa likuloza chimene chikuchitikira mwana, m'malo molosera za m'mutu mwa mayi.

Kafukufuku wina wa ku Britain ndi Ireland anapeza ana 128 m'zaka ziwiri, kuchokera 1992 mpaka 1994, kuphatikizapo amene anapatsidwa poizoni kapena kutsekedwa mpweya dala, ndipo 8 mwa iwo anamwalira. Ambiri anali osakwana zaka 5. Ana 128 pa maiko a anthu mamiliyoni ambirimbiri: n'zosowa, koma zikachitika ndi zakupha. Malangizo awa ndi a anamwino, alangizi a zaumoyo, aphunzitsi, alezi a kumkombaphala, ndiponso agogo, azakhali ndi abambo amene mtima wawo wayamba kuwauza kuti pali china chake chosalongosoka.

Choyamba, thandizani mwana ngati wodwaladi

Kukayikira kusachedwetse chithandizo ngakhale mphindi imodzi. Mwana amene akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka, walefuka kapena sakudzuka bwino, akupuma mobanika, apite kuchipatala nthawi yomweyo, kaya nkhani ya womulera mukuikhulupirira kaya ayi. Mwana wodwalitsidwa dala ndi wodwala ndithu. Ndiponso mwana amene mayi ake anakokomezapo dzulo akhoza kugwidwa malungo enieni lero.

Kenako fufuzani matenda enieni mpaka pomaliza. Magazi mu mkodzo wa mwana wa kunyanja ndi likodzo kufikira a kulabotale atanena zina. Amakonda kutuluka kumapeto kwa kukodza, ndipo mazira a tizilomboto amaoneka pa maikulosikopu, ngakhale kuti si tsiku lililonse. Kukomoka chifukwa cha kutentha thupi n'kofala kwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, ndipo kumatha mwana asanafike n'komwe pakhomo la chipatala, makamaka ngati wachokera kutali pa kabaza. Khunyu nalonso dokotala kawirikawiri saliona ndi maso ake, amadalira zomwe wauzidwa. Kutentha thupi kumakwera n'kutsika, ndipo ngati mayi anamumwetsa panado m'mawa, pofika pamzere masana thupi limakhala litazizira. Choncho "pofika kuno anali bwinobwino" si umboni wa bodza. Kachipangizo koyezera malungo pachala kakhoza kuonetsabe malungo kwa milungu ingapo mwana atamaliza LA. Mwana wosakwera sikelo ayezedwe HIV ndi chifuwa chachikulu, afunsidwe za chakudya chimene chilipo pakhomo. Mwana wolira kupweteka kwa mafupa, wotupa manja ndi mapazi, wosowa magazi pafupipafupi aganiziridwe za sickle cell, nthenda ya magazi yobadwa nayo. Ndipo pali matenda ena osowa amene zida zathu za pano sizingawapeze, ofunika kutumiza mwana ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Dokotala amene walephera kupeza nthenda asathamangire kuti mayi ndiye wabodza.

Chachiwiri, siyanitsani zomwe mwauzidwa ndi zomwe mwaona

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mukatsegula buku la kuchipatala la mwana wodwaladwala, mupeza mawu monga "anakomoka kawiri", "akusanza magazi", "thupi likutentha usiku". Funso limene sitidzifunsa ndi lakuti: anaona ndani? Wolemba m'bukumo analemba zomwe anaona, kapena zomwe anamva? Pa mzere wa anthu mazana, wachipatala amalemba mwachangu, ndipo mawu a womulera amalowa m'buku ngati kuti ndi zopeza za dokotala. Wotsatira akawerenga, amazitenga ngati zotsimikizika, n'kuwonjezera mankhwala. Pakutha kwa chaka mwana ali pa mankhwala a khunyu, koma palibe wina aliyense, kupatula munthu mmodzi, amene anamuona akugwa.

Zolowerani kulemba ndi kuganiza m'magawo awiri. Gawo lina likhale "mayi akuti", lina "ndaona" kapena "ndayeza". Ngati ndinu wachibale kapena mphunzitsi, chitani chimodzimodzi m'kope lanu. Mukatero kwa milungu ingapo, onani ngati magawo awiriwa akukumana. Mayi akuti mwana wakhala akusanza ndi kutsegula m'mimba kwa sabata yathunthu, koma mwanayo maso sanalowe, khungu silinafote, sikelo sinatsike, ndipo akuthamangitsa nkhuku kuseri kwa wodi. Mayi akuti sadya kanthu, koma mlezi wa kumkombaphala akuti phala amamaliza n'kupempha lina. Kamodzi kokha sizitanthauza kanthu. Zikamabwerezabwereza m'pamene pali pofunika kuima.

Pali zinanso zimene zimalowa m'gawo limeneli. Mankhwala oyenera, omwedwa moyenera, amene amachiritsa ana ena onse, iye yekha samugwira, popanda chifukwa chomveka. Nthenda imodzi ikangotsimikizika kuti palibe, mawa lake pabuka ina ya chiwalo china: lero mutu, mawa mkodzo, mkuja mtima. Zotsatira za kulabotale zikutsutsana ndi mmene mwana akuonekera, kapena zikusintha malinga ndi amene wanyamula kabotolo. Choopsa kuposa zonse ndi mwana wogona tulo tosadzuka, wosanza kapena wosiya kupuma mwadzidzidzi mobwerezabwereza, nthawi zonse ali yekha ndi munthu yemweyo, kapenanso kupezeka m'magazi ake mankhwala amene palibe anamulembera. Zikafika apo si nthawi yosonkhanitsanso umboni pang'onopang'ono. Pitani msanga pa mfundo ya kukanena ili m'munsimu.

Njira yosavuta yothandiza aliyense: mwana akayamba kukomoka, wina amugoneke chammbali, osamuika kanthu m'kamwa, ndipo wina ajambule pa foni ngati ilipo. Mayi woona amasangalala ndi maganizo amenewa chifukwa kanemayo amamuchitira umboni kwa dokotala. Pemphani pakhomo ponse kuti aliyense woona ajambule. Koma dziwani kuti mabanja ambiri alibe foni yojambula, ndiye kusowa kwa kanema sikutsutsa munthu.

Chachitatu, lumikizani mbiri yonse pa pepala limodzi

Khalidweli limabisala m'mipata ya pakati pa zipatala. Mwana amaonedwa ku kiliniki ya m'mudzi ndi mlangizi wa zaumoyo, sabata yotsatira ku Khombedza, kenako pa chipatala chachikulu cha Salima, mwezi wamawa ku Mua kapena ku St Anne's ku Nkhotakota, ndiye ku Lilongwe. Aliyense akuona kachidutswa kake, ndipo kachidutswako pakokha n'komveka. Chithunzi chonse chili ndi munthu mmodzi yekha, womulerayo.

Tengani pepala lalikulu, mulembe mizere: tsiku, malo, amene anabwera ndi mwana, zomwe ananena m'mawu ake enieni, zomwe wachipatala anaona, zomwe anayeza ndi zotsatira zake, mankhwala amene anaperekedwa. Pemphani mabuku onse a kuchipatala, akale ndi atsopano, pamodzi ndi tsamba la sikelo. Wachipatala aimbire anzake a kumalo enawo kuti amve okha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito iyi ndi yotopetsa, ya masana athunthu, koma palibe chida china choiposa.

Pa pepalapo mudzaona ngati nkhani ikukula poyenda. Kumalo oyamba mwana "anachita ngati akufuna kukomoka". Kwachiwiri "adokotala a uko anati ndi khunyu". Kwachitatu "anati akufunika opaleshoni ya m'mutu", pamene mukafunsa palibe dokotala amene ananenapo zotero. Mudzaonanso ngati kusamuka chipatala kumachitika nthawi iliyonse imene wina wanena kuti mwana ali bwino. Za mabuku otayika samalani nazo. Buku limanyowa ndi mvula, limadyedwa ndi chiswe, limapita ndi madzi osefukira, ndipo izi zimagwera aliyense. Koma buku latsopano pa chipatala chilichonse, lakale nthawi zonse "linaiwalika kunyumba", n'chinthu choyenera kulemba.

Funsaninso za abale ake a mwanayo, mofatsa. Kodi pali wina amene anadwala mofananamo, kapena kumwalira mosadziwika bwino? Ndikuti mofatsa chifukwa kwathu kuno mabanja ambiri anaikapo mwana m'manda chifukwa cha malungo, chibayo kapena kusowa magazi, ndipo mayi amene anaferedwa amanjenjemera ndi kachifuwa kalikonse. Imfa ya m'bale wake ndi mzere umodzi pa pepala, si chigamulo.

Chachinayi, onani mwana akakhala ndi anthu ena

Bambo amene amagona panyanja ndi tochi kusaka usipa, n'kubwera m'mawa kudzagona, akhoza kukhala chaka chonse osaona chimene mkazi wake amafotokoza, ndipo amangokhulupirira. Mufunseni payekha, mwaulemu: "Bambo, inuyo ndi maso anu munaonapo chiyani?" Funsani agogo amene mwana amapitako patchuthi. Ngati kwa agogo amadya, amasewera, amagona bwino kwa milungu itatu osamwa mankhwala alionse, n'kuyambiranso kudwala usiku umene wabwerera, zilembeni. Aphunzitsi ali ndi kaundula wa kujomba. Mwana amene wajomba theka la teremu chifukwa cha matenda, koma masiku amene wabwera amamenya mpira mpaka belu kulira, aphunzitsi amudziwa. Onaninso mwana amene waletsedwa zinthu zambiri popanda dokotala kulamula: osathamanga, osadya izi ndi izo, kumangobelekedwa pamene amatha kuyenda.

Mwana wamkulupo mulankhule naye pamalo oduka mphepo. Mufunse mafunso otseguka, monga "ukadwala zimayamba bwanji?" kapena "mankhwala amakupatsa ndani, amaoneka bwanji?" Musamuikire mawu m'kamwa, ndipo musamulonjeze kuti simuuza aliyense, chifukwa mwina mudzayenera kuuza. Musadabwe akamanena zofanana ndendende ndi mayi ake. Mwana amene wauzidwa kuyambira ali wakhanda kuti ndi wodwala amakhulupirira, ndipo amawakonda mayi akewo.

Chenjezo limodzi: musapange nokha mayeso olekanitsa mwana ndi womulera, monga kumubisa kwa achibale kapena kumusiyitsa mankhwala kuti muone. Mankhwala a khunyu akasiyidwa mwadzidzidzi akhoza kuyambitsa kukomoka koopsa. Kulekanitsa kumachitika ndi chilolezo cha a zachisamaliro cha anthu kapena khoti, dokotala akuyang'anira.

Chachisanu, khalidwe la womulera, umboni wofooka kuposa wonse

Mabuku amatchula zinthu monga izi: munthu wodziwa mawu achipatala kwambiri, wosachoka pambali pa bedi, wokondedwa ndi anamwino onse, wokakamira kuti mwana ayezedwenso kapena aikidwe diripi, wosaoneka wodandaula mwana akafika pangozi, wokhumudwa akauzidwa kuti zotsatira zili bwino. Mwa zonsezi, chomaliza chokha ndicho chimandiimitsa. Kholo likauzidwa kuti "mwana wanu alibe nthenda ya mtima" mtima wake umakhala pansi. Likamakwiya, n'kunyamula mwana kupita kwina kukafuna yankho lina, kachiwiri, kachitatu, pali funso. Zina zonsezo zimapezekanso mwa amayi abwino kwambiri amene ndawaonapo. Mayi wa mwana wa sickle cell amadziwa mayina a mankhwala kuposa wophunzira unamwino, ndipo amakangana ndi dokotala chifukwa amadziwa mwana wake. Nkhope ya munthu siuza kanthu. Kafukufuku amaonetsa kuti ochita izi ambiri ndi amayi obereka, koma paja ndi amayinso amene amakhala ndi ana nthawi zonse. Akhoza kukhala bambo, agogo, mayi wopeza kapena wantchito.

Chimene chimawachititsa n'chosiyanasiyana. Ena amapeza m'wodi chimene sachipeza kunyumba: kumveredwa, kutamandidwa kuti ndi mayi wolimba, kuchezeredwa ndi a mpingo. Ena akuthawa nkhanza za mwamuna, ndipo chipatala ndi malo okhawo amene amagona mwamtendere. Ena ndi ndalama. Zithunzi za mwana ali pa diripi zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ili pansi. Opempha ambiri amavutikadi, pakuti ngakhale chipatala cha boma n'chaulere, thiransipoti ya ku Lilongwe ndi chakudya cha gadiyani n'zogula. Ngati mukufuna kuthandiza koma muli ndi chikayiko, perekezani mwanayo kuchipatala, kapena lipirani nokha kumene kukufunika ndalamako.

Zofanana nazo koma zosiyana

Mwana amene ali pa chiponde koma sakukwera sikelo, nthawi zambiri chifukwa chake n'chakuti chipondecho akugawana ana anayi a m'nyumbamo. Imeneyo ndi njala. Agogo amene amwetsa khanda mankhwala azitsamba poopa tsempho, kapena kumutema mphini, akhoza kumupweteka kwambiri, koma akuchita poyera ndipo akukhulupirira kuti akuchiritsa. Mukawafunsa mwaulemu amakuuzani, mwinanso kukuonetsani botolo. Mayi amene wagula mankhwala pagolosale n'kupitiriza muyezo chifukwa sanamvetse afunika kuphunzitsidwa. Mayi wachitsikana wa mwana woyamba, amene amabwera kusikelo ndi dandaulo latsopano mwezi uliwonse, akalongosoleredwa bwino mtima umakhala pansi. Palinso mayi amene wadwala maganizo atabereka. Onsewa mwana wawo akhoza kukhala pangozi ndipo afunika thandizo, koma chowasiyanitsa ndi nkhani yathuyi ndi chinyengo: kunena chimene akudziwa kuti sichinachitike, kusokoneza zoyeza, kuchita mobisa.

Chachisanu ndi chimodzi, musamufunse pagulu, musamuweruze

Mukafika pokayikira kwenikweni, mtima umafuna kumuloza chala. Musatero. Munthu wodwalitsa mwana akadziwa kuti akukayikiridwa, akhoza kuthawa naye usiku kupita kumene sakudziwika, kapena kumudwalitsa kwambiri kuti aonetse kuti sananame. Ndipo ngati mwalakwitsa, mwaononga banja.

Za kulakwitsa, dziko linaphunzira mowawa. Mu 1999 khoti la ku England linamanga Sally Clark, mayi amene anali loya, pomuganizira kuti anapha ana ake awiri akhanda. Mmodzi mwa akatswiri ochitira umboni anali Roy Meadow yemwe uja, amene anauza khoti kuti zoti ana awiri a banja lotero n'kufa okha mwadzidzidzi zingachitike kamodzi pa 73 miliyoni. Masamuwo anali olakwika. Kunapezekanso zotsatira za kulabotale zimene khoti silinaonetsedwe, zosonyeza kuti mwana wachiwiri anali ndi tizilombo toyambitsa matenda m'thupi. Mayiyo anamasulidwa mu 2003 atakhala m'ndende zaka zoposa zitatu, ndipo anamwalira mu 2007. Ngati katswiri amene anatulukira dzina la khalidweli anaphonya chotero, ine ndi inu tisadzidalire tokha.

Kwathu kuno pali ngozi ina yoonjezera. Mawu akuti "mayi uja akudwalitsa mwana wake" akangofika pachitsime, pobwerera amakhala atasanduka "akufuna kukhwimira mwana", ndipo tikudziwa zimene gulu lokwiya limachita kwa munthu wonenedwa ufiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Nkhaniyi isapite pa gulu la WhatsApp, isakambidwe kumalo ophikira magadiyani, isapite kwa sing'anga kukaombeza.

Chachisanu ndi chiwiri, kanenani koyenera

Simukufunika kukhala ndi umboni wonse kuti mukanene. Kufufuza ndi ntchito ya ena, yanu ndi kupereka zomwe mwaona. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka udindo kwa achipatala, achibale, olera ana ndi anthu a m'dera kuti akanene ngati akukhulupirira kuti mwana akuzunzidwa, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Ngati ndinu namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, yambani ndi dokotala woyang'anira mwanayo ndi mkulu wa wodi, pepala lanu lija lili m'manja. Iwo alumikizane ndi ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Salima. Ngati ndinu wachibale, mphunzitsi kapena woyandikana nawo nyumba, pitani kwa wogwira ntchito yoteteza ana wa m'dera lanu, ku ofesi yomweyo, kapena ku Victim Support Unit ya polisi. Palinso nambala yaulere ya 116 ya Tithandizane, imene amayendetsa a YONECO. Polankhula nenani zooneka: "Pa miyezi inayi mwana wagonekedwa kasanu chifukwa cha kukomoka. Ine, aphunzitsi ndi bambo ake palibe anaonapo. Ali kwa agogo sizichitika." Mawu otere amathandiza kuposa "mayi uja ndi wabodza". Mphunzitsi adziwitse mphunzitsi wamkulu, koma asalekere pomwepo ngati nkhani yangogona mu ofesi. Ngati mukuona kuti moyo wa mwana uli pangozi lero lomwe, uzani dokotala ndi apolisi lero lomwe.

Zochita m'wodi pamene nkhani ikufufuzidwa

M'zipatala zathu gadiyani ndiye manja a namwino. Amadyetsa, amasambitsa, amanyamula kabotolo ka mkodzo kupita nako kulabotale, nthawi zina amasunga ndi mapiritsi omwe. Popanda magadiyani wodi singayende, koma kwa mwana uyu mwambowu usinthe mwakachetechete. Bedi lake likhale pafupi ndi pokhala anamwino. Mankhwala onse apereke namwino ndi dzanja lake, ndipo pasakhale mankhwala ena alionse m'chikwama kapena pansi pa pilo, lamulo limene ndi bwino kulinena kwa wodi yonse kuti pasaoneke wosankhidwa. Mkodzo, chimbudzi ndi masanzi zoyeza atenge wachipatala, n'kupita nazo yekha. Kutentha kwa thupi ayeze namwino ali pomwepo. Sikelo ikhale imodzimodzi, nthawi imodzimodzi. Chilichonse chachilendo chikachitika, mulembe ola lake ndi amene analipo. Mwana akadwala mwadzidzidzi mosamveka, dokotala atenge magazi ndi mkodzo nthawi yomweyo n'kusunga bwino, chifukwa mawa chimene chinali m'thupi chikhoza kukhala chitatuluka.

Kupempha gadiyani wachiwiri n'kwanzeru ndipo sikunyoza munthu: "Mayi, mwatopa, masiku achuluka. Bwanji agogo kapena achemwali anu adzakulandireniko usiku?" Dokotala mmodzi yekha akhale mwini nkhani, ndipo kuyeza kwina kulikonse kopweteka kudzere mwa iye. Zoyeza zosafunika zilekeke. Tsiku louza womulera zomwe zapezeka lisankhidwe pamodzi ndi a zachisamaliro cha anthu, malo otetezeka a mwana atakonzedwa kale, ndipo zikambidwe m'chipinda, mopanda kukalipa.

Zikatsimikizika

Kumene mwana akakhale amagamula ndi a zachisamaliro cha anthu ndi bwalo la milandu ya ana, ndipo kawirikawiri amayang'ana kaye pakati pa achibale. Wachibale wolandira mwana akhale amene wamvetsa ndi kuvomereza zomwe zachitika, chifukwa agogo amene akuti "mwana wanga sangachite zimenezo" adzamubweza mwanayo pakhomo pomwe paja sabata isanathe. Mankhwala osafunika achotsedwe pang'onopang'ono ndi dokotala, ndipo m'buku la kuchipatala mulembedwe momveka matenda amene mwana alibe, kuti wachipatala wina asadzayambirenso. Mwana abwerere kusukulu, adye zimene anzake akudya, asewere. Afunika kuuzidwa kangapo, m'mawu a msinkhu wake, kuti thupi lake ndi lamphamvu ndipo iye sanalakwe kanthu.

Womulera naye afunika thandizo la akatswiri a maganizo, kuyambira kwa namwino wa matenda a maganizo pa chipatala chachikulu cha boma, ndipo ngati pakufunika, ku St John of God ku Lilongwe kapena ku Zomba Mental Hospital. Ambiri amakana mpaka kalekale, ndipo kulonjeza pakamwa kuti "sindidzachitanso" sikokwanira kubwezera mwana. Ana ena a m'nyumbamo aonedwe ndi dokotala, ndipo ngati mayiyo ali woyembekezera, a sikelo ya amayi apakati adziwitsidwe mwachinsinsi. Banja likasamuka, tinene kupita ku Dwangwa kukagwira ntchito ya mzimbe, kalata ichoke ku ofesi ya Salima kupita ku ofesi ya Nkhotakota, pamodzi ndi kope la pepala la mbiri lija, mwanayo asanagulidwe buku latsopano.